Inde, ndikudikira manovelo ofufuza milandu a alembi akuda, ndipo sindikupepesa

Nthawi iliyonse makampani osindikiza mabuku akalengeza zomwe atulutse miyezi ikubwerayi, pakati pa ife okonda manovelo ofufuza milandu, aja oti munthu wapezeka atafa kenako tonse tili kalikiliki kusaka kuti wapha ndani, pamabuka kamkangano komweko komweko. Wina akangonena kuti iye akudikira kwambiri mabuku atsopano a alembi akuda, pompo mnzake wadumphira kuti nanga khungu la wolemba likukhudzana bwanji ndi nkhani, buku labwino ndi labwino basi. Mkanganowu unatentha kwambiri mu June 2022 pomwe a James Patterson, mmodzi mwa alembi ogulitsa mabuku ambiri pa dziko lonse, anauza nyuzipepala ya Sunday Times kuti masiku ano amuna achizungu achikulire akuvutika kupeza mwayi wolemba ndipo kumeneko nakonso ndi kusankhana mitundu. Anthu anawadzudzula koopsa, iwo anapepesa patangodutsa masiku ochepa, koma maganizowo sanafe ayi, alipobe, ndipo ena amawanena mwaulemu ena mwachipongwe. Ndiye ine ndinene mbali yanga poyera: kudikira mabuku a alembi akuda mwapadera ndi chinthu chanzeru, ndipo chifukwa chake si chifundo kapena kufuna kuoneka munthu wabwino. Chifukwa chake ndi choti nkhani yofufuza mlandu imasintha kayendedwe kake konse pamene wolembayo akudziwa kuti kwa anthu ena kuitana apolisi ndi chiyambi cha mavuto ena, ndipo kusintha kumeneko ndi komwe kwabweretsa zatsopano zambiri mu mtundu wa mabuku womwe ukanatha kutopetsa kalekale.

Tiyambe ndi mmene nkhani zimenezi zimamangidwira, chifukwa mfundo yanga yonse yagona pamenepo. Novelo yachikale yofufuza mlandu, ija ya zaka za m'ma 1920 ndi 1930, imatsamira pa chikhulupiriro chimodzi, choti zinthu zinali bwinobwino, wina wapha munthu, wofufuza wanzeru wabwera watchula dzina la wakuphayo, apolisi amunjata, mtendere wabwerera, aliyense kwawo. Mu 1928 mlembi wina wa ku America wotchedwa S. S. Van Dine anafika mpaka polemba malamulo 20 a kalembedwe ka nkhani zotere, ndipo limodzi mwa malamulowo linati wantchito wapakhomo asamakhale wakupha, chifukwa wakuphayo ayenera kukhala munthu wofunikira ndithu. Tangoganizani, wantchito sakuyenera olo kukhala chigawenga, ndiye kuli bwanji kukhala wofufuza? Kenako mu 1992 mayi Barbara Neely anatulutsa Blanche on the Lam, ndipo wofufuza wake ndi wantchito wapakhomo yemweyo, Blanche White, mayi wakuda wa ku North Carolina yemwe khoti lamugamula kuti akakhale kundende masiku 30 chifukwa cha macheke omwe banki inawabweza, iye nkuthawa pakhoti pomwepo kukabisala ngati wantchito m'nyumba ya azungu olemera. Munthu akaphedwa, Blanche akudziwa kuti woyamba kuganiziridwa ndi iyeyo, ndiye sangapite kupolisi, koma ali ndi chida chomwe wofufuza wa suti alibe: mabwana amayankhula zinsinsi zawo iye ali pompo akupukuta tebulo ngati palibe munthu, iye ndi amene amachapa zovala zawo, amataya zinyalala zawo, amadziwa botolo lomwe latha usiku komanso bedi lomwe silinagonedwe. Bukuli linapata mphoto zitatu za buku loyamba, Agatha, Anthony ndi Macavity, ndipo chomwe chinakoka anthu ndi choti njira yopezera umboni inali yachilendo kotheratu, malo omwe alembi ena ankangowadutsa zaka zonsezo.

Chimodzimodzinso Easy Rawlins wa a Walter Mosley mu Devil in a Blue Dress ya 1990. Nkhaniyo ikuchitika ku Los Angeles mu 1948, Easy ndi msilikali wakale wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, wachotsedwa ntchito ku fakitale ya ndege ndipo ngongole ya nyumba yake ikumudikira, ndiye mzungu wina akumupatsa ndalama kuti akasake mkazi yemwe amakonda kupezeka m'mabala a anthu akuda komwe mzunguyo sangalowe nkuyankhidwa zoona. Apa zinthu ziwiri zikuchitika nthawi imodzi. Easy akhoza kulowa malo omwe wapolisi wachizungu akalowa aliyense amangoti zii, koma Easy yemweyo akayenda usiku m'dera la azungu akhoza kumangidwa kapena kumenyedwa popanda womufunsa, ndipo m'bukumo apolisi amamumenyadi pomufunsa mafunso. Wowerenga ndiye ukukhala ndi mantha awiri, a wakupha komanso a lamulo lenilenilo. Ofufuza achizungu a m'mabuku akale nawonso ankakangana ndi apolisi, inde, koma ankatuluka pa siteshoni akuseka, akudziwa kuti loya alipo ndipo mawu awo akhoza kumveka kukhoti.

Tsopano tibwere kwa otsutsa, ndipo ndiyesetsa kuwanenera mwachilungamo. Oyamba ndi aja oti nkhani ilibe khungu. Iwo amati ntchito ya wolemba ndi kulowa m'moyo wa munthu wina, ndipo amapereka zitsanzo zenizeni: Virgil Tibbs, wapolisi wakuda wa mu In the Heat of the Night ya 1965, anamulenga ndi mzungu John Ball, John Shaft anamulenga ndi mzungu Ernest Tidyman, Alex Cross ndi wa a Patterson omwe aja kuyambira 1993, ndipo Mma Ramotswe wa ku Botswana ndi wa a Alexander McCall Smith a ku Scotland. Anthu akuda ambirimbiri anawakonda anthu amenewa, ndiye vuto lili pati? Ine ndikuvomera kuti palibe amene akuletsedwa kulemba za wina, ndipo palibe wowerenga amene amamaliza buku lobowa chifukwa choti wolemba ndi wakuda. Koma funso si loti ndani ali ndi chilolezo, funso ndi loti ndani amaona chiyani. Mu Bluebird, Bluebird ya mayi Attica Locke, yomwe inatuluka mu 2017 nkupata mphoto ya Edgar, mphoto yaikulu ya mabuku a milandu ku America, mu 2018, mitembo iwiri ikupezeka m'madzi pa kamudzi ka kum'mawa kwa Texas, woyamba wa loya wakuda wochokera ku Chicago, wachiwiri wa mkazi wachizungu wa pamudzipo. Wofufuza wake Darren Mathews, wakuda wa gulu la apolisi la Texas Rangers, chomwe chikumudabwitsa choyamba ndi ndondomeko ya imfazo, chifukwa mbiri ya kumeneko imati kawirikawiri amayamba kufa ndi mkazi wachizungu kenako mwamuna wakuda nkuphedwa pobwezera, ndiye apa zatembenuka bwanji? Umenewo ndi umboni woyamba wa nkhani yonse, ndipo ndi umboni womwe umabwera msanga m'mutu mwa munthu amene anakula akumva nkhani zimenezo kwa agogo ake. Mzungu waluso akhoza kufufuza nkufika pomwepo, sindikukana, koma ife owerenga tikanadikira mpaka liti?

Ndipo chitsanzo chomwecho cha Tibbs ndi Shaft chikuwatembenukira eni ake. Pomwe ofufuza akuda olembedwa ndi azungu ankatchuka mpaka kupangidwa mafilimu, buku la dokotala wakuda Rudolph Fisher, The Conjure-Man Dies, lomwe linatuluka kale mu 1932 ndipo wapolisi, dokotala, oganiziridwa onse ndi anthu akuda a ku Harlem, dera la mumzinda wa New York, linakhala zaka zambiri losapezeka m'mashopu. A Fisher anamwalira mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha. Nanga a Chester Himes? Bamboyu anayamba kulemba ali kundende ku Ohio komwe anamangidwa pa mlandu wakuba ndi mfuti, atatuluka analemba manovelo omwe sanamupatse ndalama zokwanira, mpaka mu 1953 anasamukira ku France. Kumeneko ndi komwe mkonzi Marcel Duhamel wa mabuku a milandu otchedwa Série Noire anamuuza kuti ayese nkhani za apolisi, ndipo mmenemo ndi momwe munabadwira apolisi awiri otchuka a ku Harlem, Coffin Ed Johnson ndi Grave Digger Jones. Buku loyamba linapata mphoto yaikulu ya nkhani za apolisi ku France mu 1958, kwawo ku America akulionabe ngati kabuku kotchipa kongowerenga m'basi. Ndiye munthu akamati msika umangosankha nkhani yabwino osayang'ana khungu, andifotokozere kaye chifukwa chomwe munthu wolemba za Harlem anayenera kukatamandidwa ku Paris kaye.

Otsutsa achiwiri ndi a maganizo aja a Patterson, oti zinthu zatembenuka, pano mlembi wakuda ndi amene akukonderedwa ndipo zonsezi ndi fashoni chabe ya osindikiza. Mbali ya fashoniyo ili ndi kachoonadi, tisanamizane. George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis mu May 2020, makampani ambiri anathamangira kulonjeza zosintha, mashopu anadzaza mawindo ndi mabuku a anthu akuda, ndipo zina mwa zimenezo zinali zongofuna kuoneka. Koma zoti azungu akukankhidwira kunja, manambala akukana. Mu December 2020 nyuzipepala ya New York Times inasindikiza kafukufuku wa manovelo oposa 7,000 otuluka ku makampani akuluakulu pakati pa 1950 ndi 2018, ndipo 95 pa 100 alionse anali olembedwa ndi azungu, olo mu 2018 momwemo anali 89 pa 100. Kafukufuku wa kampani ya Lee & Low wa 2019 anapeza kuti mwa ogwira ntchito yosindikiza mabuku ku America 76 pa 100 ndi azungu pomwe akuda ndi 5 okha. Mu June 2020 alembi anayamba kuulula poyera ndalama zomwe makampani amawapatsa buku lisanatuluke, ndipo zinaoneka kuti akuda ena omwe anali kale ndi mphoto zikuluzikulu ankalandira zochepa kuposa azungu ena ongoyamba kumene. Choncho munthu amene wakhala yekha pa shelefu zaka 70 akaona anzake awiri atatu aikidwa pambali pake nkuyamba kulira kuti akusalidwa, ine ndimangoti pepani, koma ayi. Komanso ngati ndi fashoni, ndiye chifukwa chachikulu chomwe owerenga ayenera kupitiriza kudikira ndi kugula mabukuwa ndi chimenecho, poti osindikiza amawerenga malonda, buku lachiwiri la mlembi limadalira mmene loyamba layendera, ndipo oda yomwe anthu amapanga buku lisanatuluke imauza kampani kuti isindikize angati. Alembi eni akewo sanadikire fashoni, bungwe la alembi a nkhani za milandu omwe si azungu, la Crime Writers of Color, analiyambitsa mu 2018 a Mosley, mayi Kellye Garrett ndi mayi Gigi Pandian, zaka ziwiri zisanachitike za Floyd.

Achitatu ndi aja amati ife timawerenga kuti tisangalale, tikufuna kupumitsa mutu, osati kulalikiridwa za tsankho pa tsamba lililonse. Awa ndimawamvetsa kwambiri chifukwa inenso buku lomwe laima pakati pa nkhani kuti lindiphunzitse ndimalitseka, ndipo mabuku otere alipo, olembedwa ndi akuda ndi azungu omwe. Koma amene amaganiza kuti ndi mmene alembi akuda onse amalembera sanawerenge ambiri. S. A. Cosby wa ku Virginia mu Blacktop Wasteland ya 2020 akukupatsa makaniko yemwe ndi katswiri wothawitsa mbava pa galimoto, bizinesi ikugwa, ngongole zamuthina, ndipo mmene akulembera liwiro la galimoto mtima umachita kugunda ngati uli momwemo. Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria mu My Sister, the Serial Killer ya 2018 akuyamba ndi namwino wa ku Lagos akukolopa magazi ndi jiki chifukwa mng'ono wake wokongola uja waphanso chibwenzi, kachitatu tsopano, ndipo ukuseka kwinaku ukudzifunsa kuti ndikusekeranji. Mayi Alexia Gordon anatengera mayi wakuda woimba nyimbo zachikale kumudzi wa ku Ireland komwe mzukwa ukumupempha kuti auyeretsere dzina. Ulaliki uli pati pamenepa? Chinanso chomwe chimandiseketsa ndi choti owerenga omwewa amatamanda manovelo a ku Sweden a Stieg Larsson kapena a Maj Sjöwall ndi Per Wahlöö kuti ndi ozama chifukwa amadzudzula boma, nkhanza kwa amayi ndi dyera la olemera. Ndiye kudzudzula zolakwika kukachokera ku Stockholm ndi kuzama, kukachokera ku Texas kapena ku Accra ndi ulaliki? Nkhani iliyonse ya mlandu imakamba za ndalama, mphamvu ndi amene lamulo limamuteteza, kungoti zikagwirizana ndi zomwe unazolowera suziona ngati ndale.

Koma otsutsa omwe amandivuta kwenikweni ndi achinayi, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu akuda anzathu. Iwo amati dziko latopetsa kale ndi zithunzi za munthu wakuda ali mu unyolo, pa TV ndi zomwezo, m'mafilimu ndi zomwezo, ndiye tikamaombera m'manja mabuku odzaza mfuti, mankhwala ozunguza bongo ndi ziphuphu, sitikungothandiza omwe amati akuda ndi zigawenga ndipo Africa ndi katangale yekhayekha? Amawonjezeranso kuti osindikiza a ku London ndi New York amakonda kugula nkhani za mavuto athu chifukwa ndi zomwe owerenga awo amayembekezera. Mfundo imeneyi si yopepuka ndipo sindingaikankhire pambali. Komabe ndikuona kuti ikusokoneza zinthu ziwiri, nkhani yomwe munthu wakuda ndi mtembo kapena chigawenga chopanda dzina, ndi nkhani yomwe munthu wakuda ndi amene akufunsa mafunso. Tengani Lightseekers ya Femi Kayode ya 2021. Ophunzira atatu a pa yunivesite aphedwa ndi gulu la anthu kufupi ndi mzinda wa Port Harcourt ku Nigeria, zomwe zikukumbutsa zomwe zinachitikadi ku Aluu mu 2012 pomwe ophunzira anayi anaphedwa ndi khamu, ndipo m'bukumo vidiyo ilipo, nkhope za opha zikuoneka, ndiye funso loti wapha ndani lilibe ntchito. Bambo wa mmodzi mwa anyamatawo akulemba ntchito katswiri wa za maganizo Philip Taiwo kuti apeze chifukwa chake, kuti anthu wamba ogulitsa pamsika ndi oyendetsa njinga anafika bwanji pochita zimenezo ndipo ndani anayatsa motowo. Akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, ndipo ntchito ya buku limeneli ndi imeneyo. Nyuzipepala yakunja ikanangolemba kuti khamu lapha ophunzira ku Nigeria nkupita pa nkhani ina, wowerenga nkutsala ndi maganizo oti anthu a kumeneko ndi choncho basi.

Chimodzimodzi mayi Unity Dow, omwe anali mayi woyamba kukhala jaji wa khoti lalikulu ku Botswana. Mu The Screaming of the Innocent ya 2002 analemba za kamtsikana komwe kasowa, apolisi nkutseka nkhani ponena kuti kadyedwa ndi zilombo, pomwe zoona zake kanaphedwa ndi anthu olemekezeka ofuna zizimba, ndipo amene akutsegulanso nkhaniyo patapita zaka ndi mtsikana wamba yemwe wapeza bokosi la zovala zamagazi pa chipatala chaching'ono. Kodi bukuli likunyozetsa Botswana? Ine ndikuona kuti likuchita zomwe jaji amadziwa kuti khoti nthawi zina limalephera, kutchula kuti olakwa ndi anthu a maudindo ndipo osauka sanali opusa pomwe ankakana bodza la zilombo lija. Kubisa nkhani zotere kuti alendo asatiseke kumathandiza wakuphayo, osati mayi wa mwanayo. Ndipo pali mbali ina yomwe imaiwalika, yoti ndani amawerengedwa ngati munthu wofunika kumusaka. Mtolankhani Gwen Ifill ananenapo kale mu 2004 za mmene ma TV a ku America amathera masabata pa mkazi wachizungu mmodzi wosowa pomwe akuda osowa satchulidwa nkomwe. Mayi Garrett mu Like a Sister ya 2022 akuyambira pomwepo, mtsikana wakuda wotchuka pa TV wapezeka atafa pabwalo losewerera ana ku Bronx mumzinda wa New York, apolisi ndi manyuzipepala agamula msanga kuti ndi mankhwala, ndipo m'bale wake yekha ndi amene akukana kuti sizingatheke. Buku lotere likukakamiza wowerenga kukhala masamba 300 akusamala za imfa yomwe pa nkhani za madzulo ikanatha mu mphindi imodzi.

Pomaliza pali ena, ndipo pakati pawo pali alembi eni ake, omwe amadana ndi chizindikiro chenichenicho choti mlembi wakuda. Amati chimawatsekera pakona, ku America mashopu ena ankaika mabuku onse a akuda pa shelefu imodzi kaya ndi achikondi kaya ndi a milandu kaya ndi ndakatulo, ndiye wokonda nkhani za apolisi sankawapeza pomwe amayang'ana. Amatinso mlembi wa ku Virginia ndi wa ku Lagos akufanana chiyani kupatula khungu? Apa ndikugwirizana nawo kwambiri ndithu, buku la Cosby liyenera kukhala pa shelefu ya milandu pambali pa ena onse, ndipo mavuto a wapolisi wakuda ku America komwe ali wochepa pakati pa azungu ndi osiyana ndi a wapolisi Darko Dawson wa m'mabuku a Kwei Quartey ku Ghana, komwe bwana wake, woganiziridwa ndi wophedwa onse ndi akuda ndipo chomwe chikulekanitsa anthu ndi ndalama, mtundu, chikhulupiriro ndi za makolo. Koma shelefu ya mushopu ndi china, chidwi cha wowerenga ndi china. Ine ndikamati ndikudikira alembi akuda sindikuwatsekera, ndikungodzikumbutsa kuyang'ana komwe otsatsa malonda sangandilozere okha. Ndipo chizindikirocho chikandithandiza kuona vuto lina lomwe lili mkati mwake momwemo, loti tikati alembi akuda nthawi zambiri timatanthauza a ku America basi, chifukwa ndi komwe kuli ndalama zotsatsira. Malemu Moussa Konaté a ku Mali analemba mabuku angapo a wapolisi Habib mu Chifalansa, koma owerenga Chingerezi ambiri sanamvepo dzina lawo. Makampani ngati Cassava Republic ya ku Abuja, yomwe inatulutsa Easy Motion Tourist ya Leye Adenle mu 2016, akuyesetsa koma sangapikisane pa zotsatsa ndi zimphona za ku New York.

Ndiye chomwe ndikudikira kwenikweni m'mabuku akubwerawa ndi chiyani? Si kuti wofufuza angokhala wakuda basi nkhani ili yomweyo yakale, zimenezo zilipo kale ndipo sizindikoka. Ndikudikira mmene aliyense adzayankhire funso lomwe a Himes analisiya lotseguka mu Blind Man with a Pistol ya 1969, buku lomwe limatha milandu isanathetsedwe, apolisi awiri aja akungowombera makoswe pa nyumba yomwe ikugwetsedwa kwinaku mzinda uli pa chipwirikiti. Owerenga ena zinawakwiyitsa, ndipo ndikumvetsa, unalipira kuti uuzidwe wapha ndani. Koma kuyambira pamenepo mlembi wakuda aliyense wa nkhani za milandu amayenera kusankha kuti kodi kudziwa wakupha ndi chimodzimodzi ndi kupeza chilungamo, ndipo mayankho awo ndi osiyanasiyana. Easy Rawlins nthawi zambiri amadziwa zoona koma amauza apolisi theka lokha kuti anthu ake apulumuke. Darren Mathews amavala baji koma amalimbana ndi mtima wake ngati bajiyo ikuteteza anthu ake kapena ikumugwiritsa ntchito, ndipo mayi Locke anamutsatira mabuku atatu mpaka Guide Me Home ya 2024. Cosby mu All the Sinners Bleed ya 2023 anaika Titus Crown ngati mkulu wa apolisi wakuda woyamba wa dera lake ku Virginia, yemwe ntchito ikumukakamiza kuteteza ngakhale azungu oguba polemekeza chipilala cha asilikali omwe ankamenyera ukapolo, akuda anzake akumuona ngati wogulitsa. Colson Whitehead, yemwe ali ndi mphoto ziwiri zikuluzikulu za Pulitzer ndipo akanatha kumangolemba zomwe amati zolemekezeka, anasankha kulemba za wogulitsa mipando wa ku Harlem yemwe amalandirako katundu wakuba chakuseri, mu Harlem Shuffle ya 2021 ndi Crook Manifesto ya 2023. Kayode anabweretsanso Philip Taiwo mu Gaslight, ulendo uno mkati mwa tchalitchi chachikulu cha ku Nigeria komwe mkazi wa bishopu wasowa. Amenewa ndi omwe ndikufuna kuona kuti apita nazo pati, pamodzi ndi ongoyamba kumene omwe mayina awo sitinawamve, ndipo osindikiza akafuna kundisangalatsa kwenikweni ayambe kumasulira a ku Bamako, Dakar ndi Luanda kuti nawonso tiziwadikira limodzi ndi a ku Virginia.